Mbama pa Disiko Yogona

Kwathu chinthu chikagona timachidzutsa ndi dzanja. Wailesi ya bambo ikasiya kulankhula ankaipatsa mbama ziwiri m'mbali, iyo n'kupitiriza nkhani pamene idalekezera. Ng'ombe ikagona m'goli inkalawa mkwapulo. Mlongo wanga Chakondwa akachedwa kudzuka popita kusukulu, lamba ndiye ankamupatsa moni wam'mawa. Ine Páscoa, Nangozo, ndidakula ndikulumbira kuti sindidzakhala wotero, ngakhale mtima wanga ndi wapachala ngati wa bambo womwewo. Zimenezi aliyense pamsika pathu angakuuzeni musanafunse n'komwe.

Loja yanga, ndiye kuti sitolo yanga, ili pamsika wa kachewere, m'mbali mwa msewu wopita ku Domwe. Ndimapanga mafotokopiya, ndimalembera anthu makalata a kuboma, ndiponso ndimaika moto m'matelefoni. Pakhoma, pamwamba pa komputadori, ndidalemba ndi penti yofiira kuti OSAMENYA MAKINA. Tsiku lina mphunzitsi wina wamkulu ndithu, wa tayi pakhosi, adaona kuti pepala lake likuchedwa, n'kumenya makina a fotokopiya pamsana ngati akuthamangitsa bulu. Ndidamumenya padzanja anthu akuona. Adapita kukandinenera kwa akatekista, koma sadabwerezenso.

Magetsi anga ndi a painelo imodzi ya dzuwa padenga ndi bateriya yakale ya kamyao, galimoto zazikulu za katundu zija. Pakhonde ndidapachika kamera, chifukwa chaka china akuba adandidulira mawaya. Anthu ambiri ankayesa kuti ndi yoopsezera chabe, monga chija timaimika m'munda kuti mbalame zithawe, koma inkajambula ndithu. Zojambula za tsiku lomwelo zinkakhala m'komputadori. Za masiku apitawo zinkasamukira zokha ku disiko yaikulu, kabokosi kakuda kokhala pameza, kolumikizidwa ndi chingwe. M'kati mwa kabokosiko muli timbale tozungulira mothamanga kwambiri, ndi kasingano kowerenga komwe kamayandama pamwamba pake osakhudza. Timbaleto tikamazungulira timadya moto, ndiye ine, poumira bateriya, ndidauza komputadori kuti disiko ikakhala maminuto khumi osafunidwa izigonekedwa.

A Eugénio, amene adatiphunzitsa za makinawa ku Ulongwe, ankati komputadori siilankhula ndi disiko maso ndi maso. Pakati pawo pali kaprogramu kotchedwa kontroladori, koma iwo ankangoti ankhoswe, ndipo dzinalo lidakhazikika m'kalasi monse.

"Ankhoswe ndi munthu waulemu," ankatero, atapinda manja kumbuyo. "Disiko ikagona saidzutsira zachabechabe. Mukafunsa maina okha a zinthu zimene zili m'katimo, amakuyankhani za m'mutu mwawo, mwini wake ali m'tulo. Koma mukafuna chinthu chenichenicho, amagogoda, n'kusunga pempho lanu m'manja, n'kudikira masegundo makumi atatu. Kukakhala zii, amadula chingwe cha mawu, n'kulumikizanso, n'kugogodanso. Nthawi yonseyo komputadori imauma gwa, simungaisunthe. Siinafe ayi. Inu manja kumbuyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Disiko yanga inali yokalamba, yogula kwa munthu, ndipo m'nyengo yachisanu inkavuta kudzuka ngati mwamuna wogona atamwa. Kudzuka ndi kumene kumafuna moto wambiri kuposa zonse. Bateriya ikakhala yofooka, inkayamba kulira kuti wiii, n'kugwa. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu ndiye inkaimirira. Ndinkazidziwa bwino zimenezi, ndipo m'mawa wotere ndinkangodina, n'kupita kukasesa pakhonde.

Sabata imeneyo ya mwezi wa Junyu ndidali kumaliro a azakhali ku Lifidzi. Ndidatseka loja Lamulungu, n'kusiya kamera ikugwira ntchito, ndipo ndidabwerako Lachitatu madzulo. Lachinayi, tsiku la msika, kudacha ndi chifunga chimene chidaphimba ngakhale mitengo ya bulugamu ya kuseri kwa msewu. Dzuwa silidaoneke, ndiye kuti painelo sidamwe kanthu. Potsegula loja ndipamene ndidamva kuti mota ya Arcanjo, njinga yake yamoto, idasowa Lolemba masana, pakhonde panga pomwe. Arcanjo ndi mnyamata wamkulu wonyamula anthu pamota, ndipo mota imeneyo ndiyo inali munda wake, khasu lake ndi nkhokwe yake. Adali atayenda masiku atatu, mpaka kumalire, osaipeza.

Ndidati ndiyang'ana m'kamera ndikatha kuthandiza anthu amene adali pamzere ndi mapepala awo. Sindidafulumire. Ndimadzida nazo mpaka lero.

Nthawi ili cha m'ma teni ndi theka ndidamva phokoso kumunsi, kumene makamyao amapakirira matumba. Poyamba ndidayesa kuti ndi ogula akulimbana ndi alimi pa mtengo, monga mwa masiku onse. Kenako ndidamva mawu aja amene aliyense pamsika amawaopa.

"Wakuba! Wakuba uyo!"

Ndidatuluka. Gulu la anthu linkakwera msewu, ndipo pakati pake ankakoka munthu ngati thumba. Malaya adali atang'ambika kale. Manja adammanga kumbuyo ndi mphira zija timamangira katundu panjinga. Atadzutsa mutu ndidaona kuti ndi Chakondwa.

Mlongo wanga ankapakira matumba a kachewere m'makamyao. Ali mnyamata adabapo njinga, n'kukakhala kundende zaka ziwiri. Papita zaka khumi ndi ziwiri chichitikire zimenezo, adakwatira, ali ndi ana atatu, amaimba kwaya, koma nkhuku ikasowa pamudzi maso onse ankatembenukira kwa iye. Tsopano mayi wina wogulitsa tomato adali atanena kuti Lolemba adamuona akukankha mota ya Arcanjo.

Adamugwetsa patsogolo pa loja yanga, pamalo pomwe mota idasowera. Wina adamumenya ndi mpini wa khasu m'nthiti. Wina, munthu amene timapemphera naye, adamuponda kumaso ndi nsapato ya jombo. Anyamata amamota adamuzungulira ndi zipewa zawo zachitsulo m'manja, akumumenya nazo mosinthana ngati akusinja. Amayi ankagenda ndi kachewere woola. Magazi adatuluka m'mphuno ndi m'khutu, n'kusakanizika ndi matope.

"Ndinaikankha, inde!" ankakuwa Chakondwa. "Kamyao imafuna kubwerera m'mbuyo, ndinaisuntha n'kuitsamiritsa kukhoma! Ndinaisiya pompo! Funsani adalaivala!"

"Kamyao yake iti?"

"Ya ku Tete, inapita!"

Anthu adaseka, n'kumuwonjezera.

Ndidalowa m'gulumo ndi zigongono. Ndidakankha mayi wina mpaka adagwera pamulu wa kabichi, ndipo ndidaluma dzanja la mnyamata amene adandigwira nsalu. Ndidafika pakati n'kuima mlongo wanga ali pakati pa miyendo yanga.

"Agalu inu!" ndidatero. "Maso mulibe? Icho n'chiyani pamwamba apo? Kamera yanga inajambula zonse. Amene anatenga mota ali m'katimo ndi nkhope yake!"

Anthu adayang'ana m'mwamba. Phokoso lidatsika pang'ono. Pamenepo padatulukira a Paulino, mkulu wa amamota onse pamsikapo, bambo wa imvi amene adasiya kale kukwera mota koma mawu awo ankamvekabe. Adakweza dzanja.

"Nangozo, ukunena zoona? Chimajambula chimenechi?"

"Chimajambula, bambo."

"Tionetse. Akakhala kuti si iyeyu, ine ndimumasula ndi manja angawa. Akakhala iye, usatilankhulenso." Adatembenukira kugulu. "Musamukhudze mpaka titatuluka. Arcanjo, tiye."

Ndidawerama n'kupukuta magazi m'maso mwa Chakondwa ndi nsonga ya nsalu yanga.

"Achimwene, limbani. Maminuto awiri okha."

Adagwedeza mutu. Dzino limodzi lidali likulendewera pamlomo.

Tidalowa atatu. Anthu adadzaza pazenera ndi pakhomo mpaka m'loja mudada. Arcanjo adaima kumbuyo kwanga, akupuma ngati ng'ombe, m'manja ali ndi mwala wachitsulo wa pasikelo, uja wa makilo asanu, umene adatola kwa ogula. Maso ake adali ofiira ndi kusagona. Sindinkamuda nthawi imeneyo. Ndinkangofuna kuti aone.

Ndidatsegula disiko yaikulu, ndipo maina adabwera nthawi yomweyo, ondandalikana bwino: Lamulungu, Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu.

"Ilo Lolemba," adatero a Paulino, akuloza ndi chala. "Tsegula."

Iwo sankadziwa kuti maina amenewo ankhoswe angoyankha za m'mutu, mwini wake ali m'tulo kuyambira usiku. Ine ndinkadziwa. Ndidadina Lolemba, ndipo komputadori idauma.

Ndidaika khutu pafupi ndi kabokosi. Wiii, kadayamba, kukwera pang'ono, kenako n'kugwa ngati munthu amene wayesa kunyamula thumba n'kulephera. Zii.

"Chatani?" adafunsa Arcanjo.

"Ikudzuka."

"Yafa?"

"Yagona. Ikudzuka. Dikirani."

"Chinthu cha magetsi chimagona? Ukutiyesa ana?"

"Ndinaigoneka ndine, kuti isamadye bateriya. Imafuna nthawi. Masegundo makumi atatu, kenako iyesanso."

"Imenye pamsana," adatero wina pazenera. "Imenye idzuke!"

Arcanjo adatambasula dzanja. Ndidaligwira m'mwamba.

"Ukaikhudza ndikudula chala ndi mano. Werenga pakhomapo ngati sukulu unapitako."

A Paulino adamukokera m'mbuyo. Tidadikira. Simudziwa kutalika kwa masegundo makumi atatu ngati simunawawerengepo mlongo wanu ali gone m'matope. Ankhoswe adali atasunga pempho langa m'manja, ataima pakhomo la disiko mwaulemu wawo wonse, ndipo panalibe njira yowauzira kuti kunja kuno kukufa munthu. Ndidadina paliponse, ndidagwedeza rato, kambewa kodinira kaja, koma pagalasi pa komputadori palibe chidasuntha.

Kunja anthu adali atatopa kale. Mawu a a Paulino adagwira ntchito nthawi imene nkhope yawo inkaoneka, basi. Ndidamva phii, kenako kubuula. Ndidamva mkazi akulira kuchokera kutali, kulira kukuyandikira, ndipo ndidazindikira mawu a Amélia, mlamu wanga, mkazi wa Chakondwa. Wina adali atakamuuza kumunda.

Kanyali ka pakabokosi kadazima n'kuyakanso. Ankhoswe adali atadula n'kulumikizanso. Wiii. Kadakwera kupitirira poyamba, ndipo mtima wanga udakwera nako. Kenako kadagwanso.

Moto unali wochepa. Ndidadumpha n'kuyamba kuzula chilichonse chimene chinkayamwa bateriya. Matelefoni a anthu khumi ndi anayi amene adali pathabwa ndidawazula onse ngati ndikuzula mtedza, ena n'kugwera pansi. Ndidazula makina a fotokopiya. Ndidazimitsa getsi.

"Akuzula mawaya!" adakuwa mayi wina pazenera. "Akufufuta! Akubisa mlongo wake!"

Mawuwo adayenda kuchokera pazenera kupita kumbuyo, ndipo pofika kumsewu adali atakula. Ndidamva gulu lonse likubangula.

"Sindikufufuta! Ndikuipatsa mphamvu! Bambo Paulino, auzeni!"

A Paulino adandiyang'ana, n'kuyang'ana galasi louma lija. Ndidaona kuti nawonso ayamba kukayika.

"Mwana wanga, ine zinthu izi sindizidziwa," adatero motsitsa. "Koma maina anabwera msangamsanga. Bwanji Lolemba lokha likukana?"

Ndikadawafotokozera bwanji? Kuti maina ndi ena, zinthu ndi zina? Kuti pali ankhoswe osaoneka amene ali ndi malamulo awo? Ndidangoti, "Kachitatu imadzuka. Nthawi zonse kachitatu imadzuka. Ndikulumbira pa manda a amayi."

Ndinene zoona, poti ndaganiza zonena zonse. M'masegundo amenewo, ndili chiimire manja kumbuyo monga adatiphunzitsira a Eugénio, ganizo lina lidandilowa ngati njoka m'nkhokwe. Nanga ikatseguka n'kuonetsa Chakondwa akukankha mota mpaka kuseri kwa msika? Ndidakumbukira njinga ija, ndi mmene adalumbirira kwa amayi kuti sadaione n'komwe. Ndidachita manyazi ndi ganizolo, ndipo manyaziwo adasanduka ukali umene ndidasowa poutula.

Kanyali kadazima, n'kuyakanso. Kachitatu.

Ndidaweramira kabokosi koma sindidamve kanthu, chifukwa kunja kudali ngati chigayo. Anthu ankamenya zitseko za maloja, ankaimba mluzu, mamota ankalizidwa dala. Kenako fungo lidalowa pazenera. Gazolina. Pamsika pathu amagulitsa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, sasowa. Pakati pa mitu ya anthu ndidaona tayala la kamyao likudutsa m'mwamba, manja akupatsirana.

"Machesi! Ndani ali ndi machesi?"

Amélia adakuwa kamodzi, mokweza, kenako mawu ake adaduka ngati wina wamutseka pakamwa.

Galasi lidali louma. Lolemba lidali pompo, lodetsedwa ndi mzere wabuluu, osatseguka.

Ndiye ndidamva Chakondwa. Sadaitane Mulungu, sadaitane mkazi wake. Adaitana dzina limene ankandiitana tili ana, pamene ankandibereka kuoloka mtsinje popita ku Fonte Boa.

"Pasi! Pasi, mlongo wanga! Fulumira!"

Sindidaganize. Dzanja lidachoka lokha kumbuyo.

"Dzuka!"

Inali mbama ya bambo yeniyeni, ya chikhatho chonse. Kabokosi kadadumpha, n'kumenya khoma pansi pa malemba ofiira aja, n'kugwera pameza chafufumimba. M'loja mudangoti zii kwa kanthawi, ndipo m'kachetechete ameneyo tonse atatu tidamva. Tche. Tche. Tche. Ngati wotchi, koma si wotchi. A Eugénio adatimvetsapo kulira kumeneko m'kalasi, pa disiko yakufa, kuti tidzakuzindikire. Kasingano kadali katagwera pambale.

Pagalasi padatuluka kabokosi ka mawu, konena kuti chinthucho sichingawerengeke. Kenako maina onse adasowa, Lamulungu mpaka Lachitatu.

Arcanjo ndiye adayamba kulankhula, ndipo adalankhula mofatsa.

"Waiphwanya."

"Ayi, ndimafuna..."

"Unati ine ndisaikhudze. Iwe waiphwanya." Adatembenukira kuzenera, mawu n'kukwera. "Waphwanya mboni! Mlongo wake waphwanya mboni ndi dzanja lake! Ndaona ndi maso anga!"

 A Paulino adandiyang'ana ngati munthu amene wapeza mphutsi m'chipatso chimene amadya, n'kutuluka.

Ndidathamangira pakhomo koma sindidadutse. Wina adandimenya chibakera pakamwa, ndidamva mano akuphwanyika. Adandikoka tsitsi, kundigwetsa pakhonde, kundiponda pamsana ndi m'mimba. Ndidakwawa pakati pa miyendo yawo, ndikuluma akakolo, ndikukanda, ndikutukwana mayi wa aliyense. M'loja ndidamva galasi la fotokopiya likusweka. Ndidaona Amélia atamugwira amuna awiri, nsalu itamuvuka, akuponda m'mwamba.

Chakondwa adali atakhala pansi, tayala lili m'khosi, thupi lonse lonyowa. Diso limodzi lidali litatsekeka. Linalo linkandifunafuna, ndipo litandipeza lidafunsa. Ndidalephera kuliyang'ana.

Mnyamata wina adakhwatcha machesi, koma adali atanyowa ndi chifunga, mutu wake udangonyenyeka. Adatulutsa kamtengo kena. A Paulino adamulanda bokosi lonse n'kuliponya padenga.

"Moto ayi!" adakuwa. "Pano pali gazolina wa anthu, mutentha msika wonse! Moto ayi!"

Kanthawi kochepa ndidayesa kuti apulumuka. Anthu adayang'ana padenga, ena adayamba kukangana ndi a Paulino. Palibe amene ankayang'ana Arcanjo. Adayenda pang'onopang'ono, n'kuima kumbuyo kwa Chakondwa, n'kukweza mwala wa sikelo uja ndi manja awiri. Ndidakuwa, koma m'kamwa mudali magazi okhaokha.

Kulira kwake kunali ngati kwa dzungu likagwa pangolo.

Zitatero anthu adayamba kubwerera m'mbuyo, aliyense akuyang'ana kumbali. Pamene galimoto ya apolisiya inkafika, pamsewu padali ine, Amélia, a Paulino ndi nsapato za anthu zotayika. Amayi a tomato adali atabwerera kale pamalo awo, akukonza milu.

Kuchipatala adamusoka mutu n'kumugoneka pabedi la kukona. Ankapuma. Anamwino adati mwina adzuka, mwina ayi, tidikire. Amélia ankamugwira paphewa n'kumamugwedeza, akuti, "Bambo a Kondani, dzukani, ana akukufunsani." Ine ndidakhala pampando masiku anayi, milomo itatupa, manja nditawakhalira. Lolemba m'mawa, dzuwa litangolowa pazenera, adasiya kupuma.

Mota idapezeka patapita masabata awiri, kutsidya kwa malire, ili ndi anyamata awiri achilendo amene palibe ankawadziwa pamsika pathu. Adavomera kuti adaipeza itatsamira khoma la loja yotseka. Arcanjo adali atathawa kale. Anthu amene adagenda adabwera kudzapepesa mmodzimmodzi, ena ndi nkhuku, ena ndi ufa, ndipo aliyense ankati iye adangoima kumbuyo. Koma ngakhale popepesapo ankasiya kamawu. "Komatu achemwali Páscoa, mukanapanda kuiphwanya ija..." Ena mpaka lero amati ndidachita dala, poopa zimene ikadaonetsa. Amélia sananenepo zimenezo. Sanenanso china chilichonse kwa ine, moni yekha.

Mwezi utatha ndidakulunga komputadori ndi kabokosi kaja m'nsalu, n'kukwera nazo galimoto kupita ku Ulongwe kwa a Eugénio. Ndinkafuna kuona Lolemba, ngakhale lidalibenso ntchito. Ndinkafuna kuona mlongo wanga akutsamiritsa mota kukhoma n'kuchokapo, akupukuta manja pathalauza monga ankachitira.

A Eugénio adakalamba, koma manja awo akadali ofatsa. Adatsegula kabokosi ndi tizitsulo tawo, n'kundionetsa mbale yapamwamba. Padali mzere wozungulira, wokandika ngati pamene khasu ladutsa pamwala, ndi fumbi lonyezimira m'mbali.

"Fumbi ili ndiye zithunzi zako," adatero. "Palibe angazibweze, ngakhale ku Maputo."

"Inali yakale," ndidatero. "Bateriya inalibe moto. Mwina sikanadzuka n'komwe tsiku limenelo. Si choncho, aphunzitsi?"

Ndinkapempha, ndipo iwo adadziwa. Adati tiyang'ane. Ankhoswe, paja, amalemba zonse zimene achita, ola ndi segundo yake, m'kabuku kawo kamene kamakhala m'komputadori momwemo. Adayatsa, n'kufufuza tsiku la Lachinayi lija. Ndidaona maso awo akutsika ndi mizere, kenako n'kuima. Adagwira galasi kuti alitembenuzire kukhoma.

"Palibe chothandiza apa, mwana wanga."

Ndidawagwira dzanja, mofatsa ulendo uno. Paja ndi iwo omwe adandiphunzitsa kale kuwerenga kabukuko.

Padalembedwa kuti 10:41:05, pempho latumizidwa, disiko ili m'tulo. Pa 10:41:35 sidayankhe, adadula n'kulumikizanso. Pa 10:42:05 sidayankhenso, adadula n'kulumikizanso. Mzere wotsatira unali wa 10:42:19, ndipo unkati disiko yayankha, yakonzeka, kuwerenga kwayamba. Pansi pake, 10:42:20, padayambira mizere ya zolakwa, yambirimbiri, mpaka kumapeto kwa tsamba.

A Eugénio adayamba kunena kuti nthawi zina wotchi ya komputadori imasokonezeka, koma adalekera pakati, chifukwa tonse tinkadziwa kuti segundo imodzi ndi segundo imodzi, wotchi ilondole kapena isalondole.

Inali itadzuka. Kachitatu, monga mwa masiku onse, monga ndidalumbirira pa manda a amayi. Pamene dzanja langa linkatsika, iyo inali itayamba kale kundipatsa Lolemba.